Loko Wofiira pa Chigayo cha Amalume

Uliwa, Karonga
14 Julaye 2024

Amayi okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa mwana wanu kuno kumpoto. Kodi thupi likuti bwanji? Ndikudziwa kuti Julaye wa ku Ntchisi sachitira chifundo mawondo a munthu wamkulu, ndiye ndikufuna kumva ngati bondo lakumanzere lija lasiya kutupa, komanso ngati mukuvaladi juzi imene ndinakutumizirani kapena mwaisunga m'sutikesi kudikira ukwati wa wina. Ine ndili bwino. Kuno kulibe chisanu chonga cha kwathu, koma mwera ukuwomba mpaka fumbi kulowa m'mano.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni paja sitinamvane. Inu munalankhula, ine ndinkangoti eya, eya, popeza ndinkadziwa kuti mwabwereka foni ya a Nabanda ndipo theka la mudzi laima pakhonde kumvetsera. Emma mng'ono wanga, iwe amene ukuwawerengera amayi, werenga pang'onopang'ono, ndipo usadumphe malo amene ukuona kuti ndi owawa.

Munandiuza kuti ndichite zimene amalume a Gregory akundiuza, pakuti chibale ndi fupa sichiola. Sindikukhulupirira kuti alongo anuwo anakufotokozerani chimene ankafuna kuti ndichite. Ankafuna kuti ndikaime pamaso pa komiti ya bungwe limene likundiphunzitsa zamagetsi, ndikanene bodza limene likanandichotsetsa maphunziro tsiku lomwelo, iwo n'kutsala oyera. Komitiyo inakumana Lachinayi lapitali. Ndikuuzani mmene zinathera, koma ndiloleni ndiyambire poyambira, chifukwa mukapanda kumvetsa nkhani ya loko, muona ngati mwana wanu wayamba mwano.

Maphunziro athu sali ngati a ku sekondale. Bungwe la anthu ogwira ntchito zamagetsi, limene kuno amangoti yuniyoni, limatenga wophunzira n'kumupereka kwa mmisiri mmodzi wodziwa ntchito. Mmisiri wotere kuno amati fundi. Masiku ena timakhala m'kalasi kuphunzira masamu ake ndi malamulo, masiku otsalawo timatsatira fundi kulikonse kumene waitanidwa. Zaka zake zikakwana timalemba mayeso, ndipo ukakhoza umaloledwa kuika magetsi m'nyumba ya munthu pawekha. Fundi wanga ndi a Ambokile Mwakibinga, bambo wa imvi wa ku Kaporo, wosachedwa kuseka koma wochedwa kuyamikira. Chichewa chawo chimatsamira ku Chinkhonde, moti masiku oyamba ndinkangomva theka, theka linalo n'kumaonera m'manja mwawo.

Miyezi yoyambirira sanandilole kukhudza waya ndi mmodzi yemwe. Ndinkanyamula makwerero, kugoba makoma podutsa mapaipi, ndi kusesa tikamaliza. Chida choyamba chimene anandipatsa sichinali pulayala kapena tesita. Anandipatsa loko wofiira, atakanda dzina langa pamimba pake ndi msomali, ndi kiyi mmodzi yekha wa pa chingwe chovala m'khosi.

Ntchito ya lokoyo ndi iyi. Nyumba iliyonse ya magetsi ili ndi swichi yaikulu, pamene moto wonse umalowera. Tisanatsegule chilichonse, wophunzira amatsitsa swichiyo n'kuikhoma ndi loko wake kuti wina asaikweze. Fundi amabwera, amayesa kuikweza ndi dzanja lake, ikakana ndiye timayamba ntchito. Kiyi amakhala m'khosi mwa wophunzira mpaka fundi atanena yekha kuti watulutsa manja. Sapatsidwa kwa mwini nyumba, kwa abusa, kwa wapolisi, ngakhale kwa wapampando wa bungwe lomwelo. Zolakwa zina amakhululuka: kuchedwa, kuthyola chida, ngakhale kulumikiza molakwika, pakuti fundi amaona n'kukubwezetsa. Koma wophunzira amene wapereka kiyi kwa munthu wina amachotsedwa, ndipo palibe zoti tikambirane.

Kuti mumvetse, kumbukirani pamene malemu abambo ankakumba chitsime cha kudimba. Iwo ali pansi, inu munkagwira chingwe pamwamba. Kukanabwera munthu, kaya wamkulu chotani, n'kunena kuti mumubwereke chingwecho akamangire mbuzi yake, mukanapereka? Loko uja ndi chingwe chimenecho. Kusiyana kwake n'kwakuti chitsime chimaoneka kuya kwake, pamene waya wamoto ndi waya wozima amaoneka chimodzimodzi.

Tsopano za amalume. Sindikana kuti anandisunga. Anandipatsa chipinda cha kuseri kwa chigayo chawo cha mpunga, ndipo akazi awo sanandimanepo chakudya. Zimenezo ndidzathokoza nthawi zonse. Koma chiyambire sanaonepo maphunziro angawa ngati kanthu. Pamaso pa makasitomala ankanditchula kuti injiniya wa makwerero. Ankafunsa kuti zaka zonsezi ndikuphunzira chiyani, popeza magetsi ndi mawaya awiri basi, wofiira ndi wakuda, ndipo iwo anaziona zonse ku mgodi wa Kayelekera.

Amayi, mukamamva alongo anu akukamba za Kayelekera mungaganize kuti phiri lija analikumba okha ndi zikhadabo. Anthu amene anagwira nawo ntchito alipo kuno, ndipo amanena poyera kuti a Gregory anali kalaliki wa mu sitolo, wogawa jombo ndi zipewa. Ukalaliki si ntchito yonyozeka, ndipo akanangonena choncho bwenzi ndikuwalemekeza. Chimene chimandinyansa n'chakuti pakati pa zinthu zimene ankagawazo panali maloko ngati wanga uja. Ankawapereka ndi manja awo kwa amisiri m'mawa uliwonse. Ndiye asakunamizeni kuti sankadziwa tanthauzo lake.

Magetsi a pachigayo anawaikira ndi mkulu wina wotchedwa Brave, amene amayenda ndi pulayala m'thumba la kumbuyo n'kumadzitcha fundi. Munthu ameneyu sanaphunzire kulikonse. Fyuzi ikapsa amakulungapo waya wa pa mpanda n'kunena kuti tsopano sidzapsanso, ndipo amanena zoona, chifukwa chimapsa ndi china. M'bokosi loyatsira mota ya chigayo, limene timati sitata, muli chitsulo chimene chimayenera kudzimasula chokha pakakhala vuto. Brave anachipanikiza ndi kamtengo ka nsungwi kuti chisamasukenso. Zili ngati kumanga galu pakamwa kuti asakudzutseni akuba akabwera. Amalume ankamutama kuti ndi wachangu ndipo safunsa mafunso ambiri. Mota itayamba kununkha ngati tayala lopsa, pakati penipeni pa nyengo yokolola mpunga, Brave anapezeka kuti wapita ku Songwe kukaona wodwala, ndipo foni yake inadwalanso.

Pamenepo injiniya wa makwerero anakumbukiridwa. Anandiuza kuti ndikonze ndekha Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, mwakachetechete. Ndinawafotokozera kuti wophunzira saloledwa kugwira yekha magetsi a chigayo, amene mphamvu yake si ya babu ya m'nyumba, ndipo ndinawapempha kuti aitane a Mwakibinga kudzera ku bungwe. Anang'ung'udza masiku angapo, akuuza aliyense wobwera kudzagaitsa kuti akuweta munthu wopanda phindu. Mota itakaniratu kuzungulira anavomera.

Tsiku limene tinapita, magetsi anali atazima kuyambira m'mawa dera lonse la Uliwa. Pabwalo panali amayi ambiri atakhalira matumba awo a mpunga, ena ochokera ku Hara. Swichi yaikulu ili m'chipinda cha kutsogolo, mmene amalume amakhala ndi sikelo ndi firiji yawo. Mota ndi sitata zili m'chipinda cha kumbuyo, kuseri kwa khoma. Ndinatsitsa swichi, ndinakhoma loko, a Mwakibinga anayesa kuikweza, inakana. Anagwedeza mutu, tinalowa kumbuyo.

Ntchito ili m'kati anandituma kukatenga tochi pa njinga yawo yamoto. Podutsa kutsogolo amalume anandiimitsa. Anati ndiwapatse kiyi akweze swichi, kuti babu ya pakhonde ikayaka adziwe kuti magetsi abwera, komanso kuti firiji iyambe msanga chifukwa munali nsomba zimene anagula ku Ngara. Anafunsa kuti magetsi atazima dziko lonse chonchi, lokoyo akutsekera chiyani, mphepo? Amayi a pabwalo anaseka.

Apa mpofunika mumvetse bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapusira. Tonse tinazolowera kusiya babu yoyatsa magetsi akazima, kuti itiuze akabwera. Ngati palibe amene akukonza kanthu, zimenezo zilibe vuto. Koma kwa ife, nthawi imene magetsi azima ndiyo yoopsa kuposa zonse. Akakhalapo, aliyense amawaopa. Akazima anthu amamasuka, amaiwala kuti amene adzawabwezere ali kutali, sakukuonani, ndipo sadzaimba belu. A Mwakibinga amatiuza kuti anzawo ambiri amene anawaperekeza kumanda anagwidwa pa tsiku limene aliyense ankati kulibe magetsi.

Ndinagwada, amayi. Ndikufuna mudziwe zimenezo, popeza mwamva kuti ndinawayankha manja ali m'chiuno. Ndinagwada pa simenti pamaso pa anthu onse aja, ndinawafotokozera zimene ndakufotokozeranizi, ndipo ndinati kiyi sindingapereke kufikira a fundi atatulutsa manja. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Chigayo changa, swichi yanga, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Ndiye undikhomere ine panja?"

Ndinapepesa, ndinadzuka, ndinatenga tochi, ndinabwerera kumbuyo.

Wometa tsitsi woyandikana nafe anali atayatsa jenereta yake, ndiye kumbuyo kuja sitinamve kanthu. Zimene zinachitika kutsogolo ndinazidziwa pambuyo pake. Amalume anatenga sowo yodulira zitsulo, anacheka loko wanga, anakweza swichi, n'kukhala pa mpando wawo kumadikira babu.

Babu inawauzadi. Nthawi yomweyo magetsi anatipezanso ife. Ine ndinali nditawalitsa tochi, a Mwakibinga ali ndi sikuludiraiva m'kati mwa sitata, akuchotsa kamtengo ka Brave kaja. Kunangoti phaa, kuwala koyera ngati mphezi yalowa m'nyumba, ndipo ndinawaona atagwera kukhoma. Nsonga ya sikuludiraiva inasungunuka. Dzanja lawo lamanja linapsa kuyambira ku zala mpaka pa chikhatho chonse. Chinawapulumutsa n'chakuti amagwira ntchito dzanja lina lili m'thumba, ndiponso anali ataponda pa mphira, monga amatiphunzitsira. Dzanja linalo likanakhala kuti lagwira bokosi, moto ukanadutsa pamtima, ndipo kalata ino ikanakhala ya maliro.

Ndinathamangira kutsogolo. Ndinapeza swichi ili m'mwamba, loko palibe, amalume ataimirira pakhomo akuuza amayi aja kuti afole pamzere chifukwa magetsi abwera. Pamzere, amayi, munthu ali pansi kuseri kwa khoma. Mwina munganene kuti sanadziwe chimene chachitika. Phokoso lija linamveka mpaka kumsika.

A Mwakibinga tinawatengera kuchipatala pa galimoto ya munthu wina wogula mpunga. Anagonekedwa, kenako anatuluka, koma zala ziwiri sizikupindika, ndipo adokotala sakulonjeza kanthu. Ndi zala zimenezo adyetsa banja lawo moyo wawo wonse. Amalume sanapiteko kukawaona. Anatumiza akazi awo ndi phava la nthochi.

Bungwe litalengeza kuti likhala pansi kufufuza, ndi pamene amalume anasanduka okoma. Anandiitanira m'nyumba, anandiuza kuti ndikhale pa sofa, malo amene sindinakhalepo chibwerere kuno, anandigulira ndi chakumwa chozizira chomwe. Anati nkhaniyi ndi yaing'ono ngati titagwirizana. Ine ndikanene kuti anandipempha kiyi, ndipo monga mwana woleredwa bwino ndinalephera kukaniza malume wanga. Iwo akanena kuti ndi munthu wamba wosadziwa za magetsi. Motero, anati, sipakhala wolakwa: wina ndi waulemu, wina ndi wosadziwa, ndipo a komiti nawonso ndi anthu, ali ndi amalume awo, amvetsa.

Taonani, munthu amene dzulo anali katswiri wa ku mgodi, lero wavomera kukhala mbuli, chifukwa umbuli ndiwo ukanawapulumutsa. Ankadziwa kuti zikadziwika kuti anacheka loko, amisiri a bungwe sadzapondanso pachigayo pawo, ndipo a Mwakibinga atha kuwatengera kubwalo la milandu. Ndinawakumbutsa kuti wopereka kiyi amachotsedwa. Anayankha kuti nanga vuto lili pati, mtsikana ngati ine ndikhoza kumakhala pa sikelo kuyeza mpunga, ntchito yosadetsa zovala, mpaka atandipezera mwamuna. Anawonjezera kuti ndisaiwale amene adzakhale nkhoswe pa ukwati wanga. Ataona kuti sindikuvomera, madzulo ake anakuimbirani inu.

Sindikukudzudzulani, amayi. Alongo anu ndi eni mbumba, ndipo chimwalirire abambo mwakhala mukuyang'ana kwa iwo. Munamva mbali imodzi, yofotokozedwa ndi munthu wodziwa kulankhula. Koma mawu anu anandilemera, chifukwa sindinazolowere kuchita chosiyana ndi zimene mwandiuza. Ndinapita kukaona a Mwakibinga kunyumba kwawo, ndipo ndinawapeza akulimbana ndi batani la malaya ndi dzanja lamanzere. Ndinafuna kuwathandiza, anakana, anati ayenera kuphunzira. Sanandifunse chimene ndikanene ku komiti. Anangondifunsa ngati ndawerenga zimene tinapatsidwa m'kalasi. Potuluka pakhomo pawo ndinali nditadziwa chochita.

Komiti inakhala mu holo ya tchalitchi imene timaphunziriramo. Kutsogolo kunali amisiri akuluakulu, wapampando wawo ali mayi wina wa ku Chilumba amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Ophunzira anzanga anakhala kumbuyo. Amalume anabwera atavala jekete ndi tayi ngati akukalandira mendulo. Analankhula nthawi yaitali, kuyambira mmene anafikira ku Karonga opanda kanthu, mmene amathandizira ana amasiye, mpaka mmene andilerera ine ngati mwana wobala okha. Pofika pa nkhani ya kiyi anatsitsa mawu, anapempha kuti mwanayu asalangidwe kwambiri, pakuti analakwa chifukwa cha ulemu. Anatulutsa mpango, anapukuta m'maso. Ndikanakhala kuti sindinalipo tsiku lija, ndikanawaombera m'manja.

Atandifunsa ine, ndinanena zimene zinachitika, osawonjezera kanthu. A Mwakibinga anachitira umboni kuti anandiona ndikukhoma, ndiponso kuti anayesa okha swichi. Koma za kiyi sakanatha kunena, popeza anali kuseri kwa khoma. Mwa amayi a mpunga aja palibe amene anabwera. Sindikuwada, chigayo chapafupi ndi chomwecho, ndipo chaka chamawa adzakololanso. Choncho panatsala mawu anga ndi mawu a munthu wa tayi, ndipo ndinaona akuluakulu ena akuyang'anizana. Ndinadziwa kuti nkhani ya mtsikana waulemu wolephera kukaniza malume wake ndi yosavuta kuikhulupirira.

Wapampando anafunsa amalume funso limodzi. Anati loko wotsegulidwa ndi kiyi amakhala wamphumphu, ndiye amubweretse timuone. Amalume anati lokoyo anasowa m'chipwirikiti cha tsiku lija. Mayiyo sanatsutse. Anangoti tonse tinyamuke tikaone swichi.

Tinayenda wapansi, komiti, ophunzira, ndi anthu a pamsika amene anangotitsatira osadziwa kumene tikupita. Pa chogwirira cha swichi, pafupi ndi bowo lolowetsa loko, panali mizere yatsopano yonyezimira pamene sowo inkaterereka. Ina inafika mpaka pa penti ya bokosi. Katswiri wathu ngakhale kucheka loko mowongoka sadziwa. Wapampando anaika chala pa mizereyo, anatembenukira amalume.

"A Gregory, kodi kwanu kiyi amatsegula chonchi?"

Anayamba kunena kuti mwina ndi Brave anakanda kalekale. Koma chitsulo chokandidwa kalekale chimachita dzimbiri, ndipo aliyense pamenepo ankadziwa zimenezo kupatula iwo. Mmodzi wa anthu a pamsika aja ananena mawu m'Chitumbuka amene sindinawamve, gulu lonse linaseka, amalume anamasula tayi.

Chigamulo chinali chakuti ndipitirize maphunziro, ndipo andipatsa loko wina. Mmisiri aliyense wa bungwe waletsedwa kugwira ntchito pachigayo cha amalume mpaka amalumewo atapita okha kwa a Mwakibinga kukapepesa ndi kukambirana za dzanja lawo. Mpaka lero sanapite. Ndamva kuti wodwala wa Brave wachira, ndipo Braveyo wabwerera ndi kamtengo kena.

Tsopano akuyenda m'misewu kuuza anthu kuti a komiti anawapangira chiwembu chifukwa iwo ndi a kuchigawo chapakati. Izi mukazimva musazilandire. Anthu amene akuwanenawo ndi omwe agaitsa mpunga wawo pachigayo paja zaka zonsezi, osafunsa kuti mwini wake ndi wa kuti. Ndipo amene anawatsutsa pamaso pa komiti ndine, mwana wa ku Ntchisi, wa mbumba yawo yomwe.

Nditafika kunyumba Lachinayi lomwelo ndinapeza chikwama changa ndi ndowa zili pakhonde, ovolosi yanga itaponyedwa pamwamba. Akazi a amalume anali pa zenera akulira, ndipo ndinawatsanzika bwino. Panopa ndikukhala kwa makolo a Tusekile, mnzanga wa m'kalasi, kuseri kwa msika. Ndi anthu achifundo. Chipinda ndi chaching'ono, timagona awiri mu neti imodzi, ndipo Tusekile amalankhula kutulo, koma pali mtendere. Mayi ake akundiphunzitsa kuphika mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama, ndipo amaseka mpaka misozi ndikamayesa kupereka moni m'Chinkhonde. Musade nkhawa za kumene ndikugona.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kwa akazi a amalume kuti iwo anena kuti nkhaniyi idzatha pokhapokha inu mutabwera kuno kudzawapepesa m'malo mwanga, ndiponso kuti mwayamba kale kufunsa za basi ndi kusankha tambala woti mutenge. Chonde, amayi, musabwere. Si chifukwa cha bondo lokha, ngakhale kuti ulendo wotsika phiri la Chiweta si wa munthu wodwala mwendo. Mukadzafika pakhomo paja ndi tambala m'manja, Uliwa yense adzamva kuti banja lathu lavomereza kuti ine Chikondwero ndinanama. Amalume sadzachedwa kupita nazo kwa wapampando kukapempha kuti mlandu uunikidwenso, ndipo ine ndidzakhala wophunzira amene ngakhale mayi ake sanamukhulupirire. Pa ntchito yathuyi munthu amalowetsa manja m'bokosi chifukwa chokhulupirira mnzake amene wanena kuti ndakhoma. Mawu angawo akayamba kukayikiridwa, palibe fundi amene adzandilole kuima kumbuyo kwake, ngakhale nditakhoza mayeso onse.

Ngati mtima wanu sukhazikika popanda kupepesa wina, alipo woyenera kupepesedwa. Uzani Emma alembe mawu ochepa opita kwa a Mwakibinga, amene anapsa pakhomo pa m'bale wathu, ndipo ndidzawawerengera ndekha.

Za unkhoswe musavutike nazo. Palibe mwamuna amene wandifunsira, ndipo akadzapezeka, amalume aang'ono a ku Malomo alipo. Munthu amene anaika nsomba za mu firiji patsogolo pa mnzake sindingamupatse banja langa kuti alisunge.

A Mwakibinga abwerera ku ntchito dzanja lili m'bandeji. Dzulo tinali pa sukulu ina ku Nyungwe. Nditakhoma, iwo atayesa swichi, anandipatsa sikuludiraiva yawo yatsopano n'kuima kumbuyo kwanga atanyamula tochi. Kanali koyamba kuti ndilumikize bokosi lonse ndi manja anga. Anandibwezetsa waya wina mobwerezabwereza mpaka anakhala mmene akufunira, ndipo titayatsa, makalasi onse anawala. Sanandiyamikire. Anangoti Lolemba ndisachedwe. Sindikanafuna kuti mwayi umenewu ubwere m'njira yotere, koma wabwera, ndipo sindiutaya.

Mundiperekere moni kwa agogo, muwauze kuti mafuta opaka aja ndidzawatumizira ndikapeza munthu wopita kumeneko. Moni kwa azakhali a ku Kamsonga, kwa achimwene a Allan ndi alamu, ndi ana onse. A Nabanda muwathokoze chifukwa cha foni. Emma, limbikira sukulu, ndipo ukamaliza kuwerenga kalatayi usathamange nayo kwa anzako. Amalume a kuno ndimakumana nawo pamsewu. Ndimawapatsa moni, iwo amayang'ana kumbali, ndipo ndipitiriza kuwapatsa.

Mukandiimbira, sindikufuna kuti muziweruza mlandu pakhonde pa eni foni. Mungondiuza kuti simubwera, ndipo ine ndidzadziwa kuti mwandikhulupirira.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Chikondwero